Masiku amene anathena thonje langa

Ndinakwatiwa chitengwa kufupi ndi Chamama, koma ndinakulira m'minda ya thonje ku Salima. Fodya atatikhumudwitsa zaka ziwiri zotsatizana, ndinapempha apongozi anga aamuna, eni ake minda yonse ya pabanjapo, kuti andibwereke kachigawo ndiyese thonje. Anavomera monyinyirika. Anati chaka chimodzi basi, likakanika mundawo ubwerera ku fodya.

Ndinaugwirira ntchito mundawo ngati wamisala. Kupalira, kupatulira, kupopera mbozi mpaka msana kuuma. Pofika Febuluwale thonje linali m'chiuno, maluwa ali mbuu munda wonse. Ndiye kunabwera uthenga wa maliro a azakhali anga. Ndinapita kwathu, ndipo mvula itadula msewu ndinakhalako masabata awiri.

Pobwera ndinadzera kumunda ndisanatule n'chikwama chomwe. Duwa ngakhale limodzi! Nsonga zonse zodulidwa, maluwa ndi timphukira zili lambalamba m'mizere, zitafota kale. Ndinkaganiza kuti ndi mbuzi, koma mbuzi sigwira ntchito mwadongosolo chotero.

Ndinawapeza apongozi atakhala pamthunzi wa chigafa chowumitsira fodya. Ndinagwada chapatali monga mwa mwambo.

"Mwabwerako amayi?" anatero akumwetulira. "Munda wanu uja takuthenerani. Unachita maluwa moopsa, akanadya mphamvu yonse ya masamba. Masiku atatu tili momwemo, ine ndi amuna anuwa."

Munthu wa fodya ndi choncho. Akaona duwa dzanja limamuyabwa, chifukwa kwa iye chuma ndi tsamba. Koma thonje limatuluka m'duwa! Ndani anavalapo tsamba la thonje? Ndinapsa mtima mpaka makutu kulira, koma mtengwa sakalipira apongozi, makamaka amene apsa ndi dzuwa masiku atatu pomuthandiza. Ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo, mwagwira ntchito."

Ukali wonse ndinakautulira amuna anga kunyumba. Iwo anangokanda m'mutu.

"Ndimakayika ndithu," anatero, "koma bambo akagwira mzere, iwe ungaime?"

"Ndiye mukawauze kuti alakwitsa."

"Aaa, mayi, ukalamba wonse uja ndikawachititse manyazi?"

Thonje linayesa kuphukiranso, koma mvula inali itayamba kale kutsanzika. Zimene ndinatola sizinadzaze matumba awiri. Apongozi anabwera kudzaona, nagwedeza mutu mwachisoni chenicheni. Anati ndisadandaule, ndinalimbikira, vuto ndi dothi la kuno. Chaka chotsatira ndinaokera fodya m'munda womwewo ndi manja angawa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si matumba awiriwo ayi. Mlangizi akabwera m'mudzi kudzalimbikitsa anthu kulima thonje, pamapezeka wina woimirira n'kuloza ine. "Kuno silichita," amatero. "Afunseni amayi awo, ndi a ku Salima, thonje amalidziwa, koma linawakanika." Apongozi amakhala pomwepo kutsogolo, ndodo ili pamwendo, akundiyang'ana mwachifundo. Ine ndimavomera ndi mutu.