Kompyuta Imene Inapsa ku Wonderkop

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene alamu anga a Fakisoni, amuna a achemwali anga a Esinati, anandiimbira foni ya vidiyo ali m'shopu yawo ku Marikana, dera la migodi. Anazunguza foniyo kuti ndione makompyuta a magalasi, mafani owala zofiira ndi zobiriwira, ndi anyamata akumenya magemu. "Iwe Limbani, ukuwolera chiyani pa Ntcheu? Mutu uli nawowo kuno ungadye nawo bwino." Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi kabenchi pafupi ndi depoti, ndikuika nyimbo m'mamemori ndi kudzutsa makompyuta akufa a m'masukulu. Amayi sanadikire n'komwe kuti ndiyankhe. Anayamba kundichapira zovala tsiku lomwelo.

Shopu ija ndinakaipeza ili kontena yachitsulo m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Wonderkop. Kumbuyo kwake anatchinga ndi thabwa, ndipo kumeneko ndiye kunali kuchipinda kwanga, pakati pa makatoni. Lamulo loyamba anandipatsa ndisanatule n'chikwama chomwe: kasitomala akalowa, Chichewa ayi. Iwo kumeneko ankadziwika kuti Thapelo, ndipo Chitswana ankachilankhula ngati anabadwira konko.

Bizinesi yake inali yotere. Ankagula mapurosesa, omwe ndi ubongo wa kompyuta, ndi mabolodi akale omangirapo zipangizo, amene anyamata a magemu a ku Rustenburg atopa nawo, ine n'kuwaika m'bokosi latsopano lagalasi. Kenako pamabwera ntchito imene anandiitanira, yothamangitsa purosesa kupitirira liwiro limene opanga ake anaikira, imene timati ovakiloki. Umalowa mu bayosi, malo osinthira mmene kompyuta imagwirira ntchito, n'kukweza liwiro pang'ono, n'kuwonjezera magetsi olowa mu purosesa pang'ononso, kenako n'kuisenzetsa ntchito yolemera kwa nthawi yaitali maso ali pa kutentha. Ikazima yokha kapena sikirini ikasanduka yabuluu, umabwerera m'mbuyo. Ntchitoyo ndinkaikonda, ndipo mpaka pano ndimaikonda. Imafuna munthu wodekha.

Koma purosesa yothamangitsidwa imatentha, ndipo kutenthako kumafuna potulukira. Pamafunika chitsulo chachikulu choyamwa kutentha, phala labwino lopaka pakati pa chitsulocho ndi purosesa, ndi mafani okoka mphepo kutsogolo n'kuitulutsa kumbuyo. Alamu ankagula mafani okongola osakankha mphepo, phala lotchipa lomwe limauma ngati dothi, ndi mabokosi a magetsi opepuka ngati mulibe kanthu. Fumbi la m'migodi nalo silinkachedwa kutseka timipata tonse.

Tsiku lina ndinawaitana kuti adzaone okha. "Alamu, makinawa akufika madigiri 90 tili mu Juni, kunja kukuzizira chonchi. Nanga Okutobala akafika, m'nyumba za malata zija, zidzatha bwanji?"

"Kasitomala amaona liwiro pa sikirini, saona madigiri akowo," anandiyankha osayang'ana n'komwe. "Ndinakuitana kuti udzandiphunzitse bizinesi? Unabwera kuno ndi chiyani iwe?"

Za malipiro sindinena zambiri chifukwa panalibe zambiri. Ankati ndalama zina akundisungira, zina akutumiza kwa amayi m'dzina langa. Masiku a pa pasipoti atatha, ndinasiya kufunsa. Ndikatumiza uthenga kumudzi wonena kuti zinthu kuno sizili bwino, yankho la amayi linkabwera lofanana: uzimvera alamu ako, uzipemphera. Achemwali ankangotumiza zithunzi za ana. Lamlungu shopu ikatsekedwa ndinkakhala pakhomo la kontena n'kumayang'ana milu ya dothi la mgodi, pakamwa pakununkha chifukwa chosalankhula ndi munthu.

Munthu yekhayo amene ndinkacheza naye anali Bambo Chisale, mkulu wa ku Dedza amene anathera unyamata wake wonse pansi pa mgodi, n'kukhazikika ku Wonderkop akudya penshoni. Ankabwera kuti ndiwakonzere foni, koma makamaka ankafuna kumva Chichewa. Alamu sankawakonda, ankawatcha tchona lopanda kwawo. Bambo Chisale nawo akamachoka ankandinong'oneza m'chilankhulo cha m'migodi kuti, "Pasopa, mfana," kutanthauza kuti chenjera, mnyamata.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira kunabwera bambo wina wa ku Lesotho dzina lake Thabiso, wobowola miyala pansi pa mgodi, chimunthu cha mapewa aakulu koma cholankhula motsitsa. Ankafuna kompyuta yamphamvu ya mwana wake wamkazi amene ankaphunzira kujambula mapulani a nyumba ku koleji. Nditamva kuti ikakhala mu mkhukhu, kanyumba ka malata okhaokha, ndinaikweza liwiro pang'ono chabe, pamene ndinkadziwa kuti ipirira chilimwe. Alamu ataona nambala pa sikirini anakwinya nkhope, chifukwa anali atalonjeza yoposa pamenepo. Sanakangane nane. Anangondituma ku Kroondal kukasiya sikirini kwa kasitomala wina.

Pobwera ndinapeza kompyutayo yapita kale. Alamu anali akuseka. "Ndaikweza ndekha. Umaona ngati ndi ufiti? Ndakhala ndikukuonerera. Ndi kachitetezo kako kaja koichedwetsa ikatentha, ndakazimitsa."

Ndinawauza kuti tikaitenge tsiku lomwelo. Anandiuza kuti ndikangoponda kwa kasitomala wawo, ndikagona kupolisi ndi pasipoti yangayo. Ndinafunsa anthu kumene Thabiso ankakhala, koma ku Wonderkop mikhukhu ndi yambirimbiri, ndipo munthu wolankhula ngati ine akamafunsa nyumba ya wina, palibe amamuyankha.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Makasitomala anayamba kubweza makina ozimazima, alamu n'kumawauza kuti vuto ndi magetsi a m'dera lawo. Kenako masana ena, mwana wa Thabiso ali pakati pa ntchito ya kusukulu, bokosi la magetsi la kompyuta ija linaphulika. Moto unagwira katani, n'kulowa m'matiresi. Mtsikanayo anapsa mkono poyesa kupulumutsa ntchito yake, ndipo theka la mkhukhu linatha.

Anthu anabwera m'mawa mwake, Thabiso patsogolo atanyamula chigoba chakuda cha kompyuta ija, kumbuyo kwake anzake a kumgodi ndi amayi a m'deralo. Anachiponya pakhomo la kontena. Alamu anatuluka manja ali m'mwamba, n'kuyamba kulankhula Chitswana mofulumira. Sindinamve zonse, koma ndinaona chala chikuloza ine, ndipo liwu limodzi ndinalimva bwinobwino: lekwerekwere. Ndi mmene amatitukwanira ife obwera. Munthu wobadwira kuseri kwa phiri lomwelo ndi ine, wokwatira mlongo wanga, anauza gulu lija kuti mlendo uyu ndi amene amaseweretsa makina, iye anangomulemba ntchito pomumvera chisoni.

Thabiso anandimenya kamodzi kokha, kukhutu lakumanzere. Zotsalazo anamaliza ndi ena, ndi nsapato za kumgodi. Iyeyo sindimuda. Mwana wake anali m'chipatala, ndipo anamenya amene anamulozera. Ndili pansi ndinaona alamu akukoka chitseko cha kontena n'kudzitsekera m'kati.

Anandipulumutsa ndi Bambo Chisale. Anaima pamwamba panga ndi ndodo yawo akukalipa m'chilankhulo cha m'migodi, ndipo ena mwa anthu aja anawazindikira kuti ndi mdala amene anawaphunzitsa ntchito pansi. Ndinachirira kunyumba kwawo. Alamu sanabwere kudzandiona, anangotumiza chikwama changa. Anthu a kutchalitchi kwa Bambo Chisale ndi amene anasonkha ya basi. Pondiperekeza mkuluyo anati, "Pita kwanu, mwana wanga. Ine ndinachedwa, iwe usachedwe."

Ulendo wonse wobwerera ndinkakonza mawu oti ndikanene. Ndinkadziwa kuti alamu anditsogolera ndi bodza, ndipo sindinalakwitse. Nditangotsika pa depoti, mnzanga wina wogulitsa mayunitsi anandifunsa ngati n'zoona kuti ndinatentha nyumba ya eni nditaledzera. Ine mowa sindimwa. Ndinangoti mumtima ndikafika kunyumba ndikafotokoza, amayi akamva zoona zake, achemwali akadziwa mwamuna amene anakwatiwa naye.

Ndinawakhazika pansi onse awiri pakhonde. Ndinafotokoza zonse, kuyambira phala lotchipa, ulendo wa ku Kroondal, mpaka chala chija. Ndinawaonetsa khutu limene mpaka lero limangolira ngati muli njuchi. Amayi ankangosankha nyemba m'lichero.

Nditamaliza, achemwali anati, "Tikudziwa, Limbani. Bambo Chisale anatiimbira iwe usanakwere n'komwe basi. Anatiuza zonsezo."

"Ndiye za kuledzerazi zachokera kuti?"

"Anthu amafunsa chimene wabwerera. Timayenera kuwayankha kanthu."

Ndinayang'ana amayi. Anaika lichero pansi. "Mankhwala anga a shuga akasowa kuchipatala, amagula ndani? Ana a Esinati kusukulu amalipirira ndani? Iwe wabwera ndi chikwama chomwe unapita nacho. Alamu ako akubwera pa Khrisimasi. Ukawapepese pamaso pa anthu, nkhani ithe."

"Ndipepese chiyani, amayi?"

"Chilichonse. Kupepesa sikuchotsa chiwalo."

Ndinatuluka m'nyumbamo sabata yomweyo n'kukachita lendi kachipinda kuseri kwa msika. Kabenchi kanga ndinakabwezeretsa pamalo pake. Anyamata a magemu a pa boma pano amandibweretsera makompyuta kuti ndiwathamangitsire, ndipo ndimatero, koma amene safuna kugula chitsulo chabwino choziziritsira ndimamubweza, ngakhale tsikulo ndisanadye. Pa Khrisimasi alamu anabweradi ndi galimoto yodzaza katundu. Kwathu anapha mbuzi, ndipo ndinamva kuti amayi anavina. Ine sindinapiteko, ndipo palibe anabwera kudzanditenga.

Ku Joni ndinkadziwa kuti ndine mlendo, choncho zimene zinandichitikira kumeneko zimandipweteka m'khutu mokha. Za kuno ndi zina. Ndinkaganiza kuti abale anga ananamizidwa, koma sananamizidwe. Anamva zoona, anaziyeza, n'kusankha mbali imene ikuwadyetsa.

Amayi amadutsa pa benchi panga akamapita kuchipatala. Amaima chapatali, ngati munthu wofuna kufunsa mtengo.

"Wadzuka bwanji, Limbani?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Alamu ako wawaimbira?"

"Ayi."

Amakonza chitenje, n'kupitiriza ulendo.