Mapazi Amene Ndinawonjezela pa Ndodo ya Amalume

Lachiwili, mwezi wa Okutobala. Ndadzuka mtima uli wolemela. Mailo tinalandila mapepala a mayeso oyeselela, ndipo masamu ndapeza 46. M'kalata yopita kwa amalume ndalemamo 64. Kalatayo ili m'buku langa la sayansi, sindinaitumize. M'mawa wonse ndakhala ndikuganiza za munda wa thonje wa kumudzi kwathu ku Kalindawalo.

Ndikukumbukila ndili ndi zaka khumi, chaka chimene migodi inagulitsidwa, amalume a Tembo anachotsedwa ntchito nabwelela kumudzi. Ena ankabwela ndi mipando kapena wailesi. Iwo anatsika basi ku Petauke ndi chikwama chachitali cha ndodo za gofu. Anaphunzila masewelawo ponyamulila mabwana a pamgodi zikwama. Anthu ankaseka kuti a Tembo abweletsa makasu osalima, koma iwo ankangomwetulila n'kumapukuta ndodo zawo ndi kansalu.

Kenaka kunamveka kuti bwalo la gofu ku Chipata likufuna munthu wophunzitsa atsopano, ndipo ofuna ntchitoyo adzasewela kaye kuti awaone. Amalume ankalidziwa bwalolo. Dzenje lina lolowetsamo mpila linali kutsidya kwa kamtsinje, kumbuyo kwake kuli mitengo. Ndodo yawo yachitsulo inkagwetsa mpila m'madzi, yamutu waukulu inkaupitiliza mpaka m'mitengo. Yapakati inathyoka kalekale.

Thonje litakololedwa, amalume anandipatsa ntchito m'munda muja. Iwo ankamenya mpila, ine n'kuyenda ndikuwelenga mapazi mpaka pamene mpila watela, apo pamene fumbi lafuka. Yachitsulo inkafika mapazi anga 260, yamutu waukulu 330. Iwo ankafuna ya 300.

Tsiku lina kunabwela Bambo Mwanza, wa ku Kacholola, wogulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, atamanga ndodo ziwili panjinga. Anati anazipeza m'katundu wochokela kunja, ndipo ngati amalume sazifuna, madzulo omwewo azipeleka kwa dalaivala wa lole wopita ku Lusaka. Ina inali yachitsulo, yadzimbili. Inayo inali yakuda, yonyezimila, kamutu kake kobulungila ngati dzila la nkhanga. Amalume anati imatchedwa haibulidi, chifukwa inatengela kuwili: kufupika kwa yachitsulo ndi mutu wa yaikulu ija. Ndinaikonda pomwepo.

Amalume anayamba kuyesa yadzimbili, mpila unatela pafupi. Atamenya ndi yakudayo, mpila unakwela bwino n'kutela mofewa osagubuduka. Ndinayenda pakati pa zitsa za thonje, dzuwa likuotcha kumapazi, ndipo ndinawelenga 298. Ndinaganiza kuti munthu amagula ndodo yopita kutali, tsono ndinafuula kuti 335.

Amalume anaiyang'ana ndodoyo kanthawi, n'kuibweza. "Pepani bambo, mwavutika pachabe. Yofika pamenepo ndili nayo kale."

Bambo Mwanza anadandaula kuti apalasa mtunda wonsewo chifukwa cha munthu wosankha ngati akusankha mkazi. Anayamba kumanga ndodo ndi mphila. Ndinaona kuti ntchito ya ku Chipata ikupita panjinga ija, ndipo woipitikitsa ndine. Njinga itafika pa mtengo wa mango, ndinagwila dzanja la amalume n'kuwauza zoona.

Sanandikalipile. Anaitana Bambo Mwanza, napepesa kuti wowelenga wawo anasokoneza. Anamenyanso katatu, ndipo ulendo uliwonse ankayenda pambali panga, akufupikitsa mapazi awo kuti alingane ndi anga, tikuwelenga mokweza tonse awili. Tinapeza 301, 296, 299. Bambo Mwanza anati sanaonepo munthu woyesa katundu chotele, ngakhale ogula ng'ombe. Amalume anaigula ndodo yakudayo.

Pobwelela kunyumba anandiuza mawu ochepa. "Misozi, ine sindifuna nambala yokoma. Ndifuna kudziwa pamene pali mpata. Ukandibisila mpatawo, ndiutseka bwanji?"

Ku Chipata mpila unadumpha kamtsinje kaja n'kuima pa kapinga, mitengo osaifika. Ntchito anaipeza, ndipo akadali komweko. Kalata iliyonse amandifunsa za sukulu, ndipo sanandifunsepo ngati ndine woyamba m'kalasi. Amafunsa kuti chikundivuta n'chiyani.

Nthawi yonseyi ndinkayesa kuti tsiku lija ndinaphunzila kusanama basi. Lelo ndaona kuti ndinanama chifukwa chowakonda, ndipo bodza la mtundu umenewo ndi limene linatsala pang'ono kuwamana ntchito. M'kalata muja ndachitanso zomwezo. Chingelezi ndi mbili yakale ndimakhoza, koma masamu a makona amandigwetsa m'madzi chaka chino chonse, ndipo mayeso enieni atsala mwezi umodzi.

Mailo ndidzang'amba kalatayo ndi kulemba ina, 46 wake momwemo. Ndikaiponya ku positi, ndidzapita kwa amai Zulu, aphunzitsi athu a masamu, ndi pepala langa, kuti tiyambile pa funso lachisanu ndi chiwili limene ndinalisiya losalemba.