Tsiku Limene Wilo Linakana pa Malire a Korea

Tinanyamuka ku Jumeirah, mu Dubai, Lachiwiri m'mawa, ine wam'maluwa nditavala jekete yobwereka, ndikukankha njinga ya olumala ya bwana wanga, a Cho. Mkuluyu kwawo ndi ku Korea, ndipo miyendo inawakana kalekale. Nkhondo itang'amba dziko lawo pakati, iwo anathawira kummwera ali mwana, amayi awo n'kutsala kumpoto. Sanaonanenso. Chomwe ankafuna asanatsikire kulichete n'kukawaweramira padothi la kwawo.

Wophika wathu, mayi wa ku Chipata, anatiperekeza mpaka pageti.

"Imwe a Phiri, musakayambitse nkhondo ndi pakamwa panupo."

"Yalla, bwererani kumapoto," ndinatero, kumufulumizitsa m'Chiluya cha ku Dubai.

Maola asanu ndi atatu m'ndege. Ku Seoul anandipatsa kabichi wosasa watsabola, ndinadya misozi ili chuchuchu. Lachinayi basi inatitenga kulowera kumpoto. Waya waminga m'mbali mwa mtsinje, asilikali, mapasipoti m'manja. Ine malire ndimadziwa a ku Mchinji, kumene munthu amawoloka ndi thumba pamutu kukagayitsa. Kuno nthabwala zanga zinauma.

Malowo ndi Panmunjom, kumene anakambirana zoleka kuomberana. Pali tinyumba tabuluu, ndipo malire amadutsa pakati pa tebulo la m'kanyumba kamodzi. M'katimo mokha ndi momwe mlendo amaloledwa kuponda kumpoto. Wotitsogolera anachenjeza: osaloza, osakweza dzanja, osapanga chizindikiro chilichonse. Mphindi zochepa, kenako panja.

Titalowa, ndinawakankha a Cho kuzungulira tebulo lija.

"Phiri," ananong'ona, "ndafika?"

"Mwafika, bwana."

Koma kuwerama ankaopa. Anzathu anayamba kutuluka.

Apa ndinakoka buleki mwakachetechete, n'kugwetsera bulangete lawo pansi.

"Wilo lakana!" ndinatero, n'kugwada ngati ndikukonza.

A Cho anawerama ngati akutola bulangetelo. Anaweramuka, n'kuweramanso kachiwiri, pang'onopang'ono, monga amachitira kwawo polemekeza akufa. Milomo inkayenda, mawu osamveka. Msilikali wa magalasi akuda anangoima njo. Kaya anaona, akudziwa yekha.

Tinabwerera m'basi. Tikulowa mumzinda, a Cho anandifunsa, "Amayi ako ali kuti, Phiri?"

"Anagona ku Mchinji, bwana."

"Pali waya?"

"Palibe."

"Asilikali?"

"Mbuzi zokha."

Sanaseke. Inenso sindinaseke. Zaka zisanu ndi zinayi ndisanakalambule pamanda paja, chonsecho maluwa a eni ndimathirira tsiku ndi tsiku. Titangotera ku Dubai, ndisanabweze n'komwe jekete ija, ndinapempha tchuthi.