Chaka chimene mpanda wanga wa minga unabala

Ndinali ku Chonde kwa mwana wanga wamng'ono, mwezi wachitatu ndikuchapa matewera a mapasa ake, pamene foni inalira. Anali mkamwini wanga wa kumudzi. "Amayi, mpanda wanu uja wachita maluwa. Mbee ponseponse, njuchi zokhazokha."

Ine thewera pansi, manja m'mwamba, nthungululu! Mapasa kudzidzimuka onse awiri, ine osawamva. Zaka zonsezi, mayo ine, zaka zonsezi!

Mpandawo ndi wa timitengo taminga timene malemu amuna anga anabwera nato kuchokera ku esiteti ya tiyi, kumene ankasamala maluwa kunyumba ya bwana. Ankati azungu amatitcha minga ya moto, poti nyengo yozizira timabala tizipatso tofiira ngati makala. Tinabzala nthambi zake mvula itayamba, zinagwira. Zotsala ndinapatsa mng'ono wanga, amene khomo lake layang'anana ndi langa. Ndine ndinamupatsa, ndi dzanja langa ili, mumvetse bwino.

Tsono ine ndinathyola tiyi mpaka msana kupindika. Dzanja langa likudziwa chinthu chimodzi: chitsamba chizikhala chosalala pamwamba ngati tebulo, kamphukira kakatukula mutu, dula. Ndiye ndinkadula, kudula, kudula, ndi mpeni wokhota wa amuna anga. Minga kundilasa, ine osaleka. Mpanda wowongoka, wobiriwira, kapitawo akanauvulira chipewa. Koma chipatso? Ngakhale chimodzi.

Wa mng'ono wangayo, nthambi uku, nthambi uko, ngati tsitsi la munthu wodzuka kumene. Koma chiperoni chikangoyamba, psuu! Anthu opita kumsika wa Milonde kuima, kutula madengu. "Koma mayi, mpanda wanuwu!" Mbalame kwa iye, zoyamika kwa iye. Ine pakhonde kusenda chinangwa ngati sindikuona, pamene mtima ukunyeka. Ndinathira manyowa a mbuzi, ndinathira phulusa. Ndinafika poganiza kuti mwana wa mayi anga wandichita chipongwe, tinatha mwezi osapemphana mchere.

Nditatsika minibasi yochokera ku Chonde ndinamupeza mng'ono wangayo ataima pampanda wanga, manja m'chiuno.

"Achemwali, mwabwera? Mpanda wanu wapumako chaka chino."

"Iwe, wauchita chiyani?"

"Ine? Ndangobisa mpeni uja kuti akamwini anu asautole. Uyu si tiyi, achemwali. Maluwa amatuluka panthambi za chaka chatha, inu mumazimeta zisanaone dzuwa."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinakuuzani kawiri. Munati waulesi alibe chophunzitsa munthu."

Ndinaterodi. Ndinayang'ana kuphiri.

Mpeni anandibwezera maluwa atayoyoka, nandilozera ndi chala: youma iyi, yotchinga njira iyo, basi. Dzanja kuyabwa, dzanja kuyabwa, ine kulikhalira pamphasa. Miyezi kupita, tizipatso tobiriwira, kenaka tachikasu, kenaka m'mawa wina wa nkhungu, psuu pakhomo panga, panga ine!

Ndisaname, ndinasuzumira kutsidya. Wake unali wofiirabe kuposa wanga, makamaka chakumunsi kuja. Chaka chamawa tidzaonana.

Koma tsikulo ndinafulula thobwa, ndinavina mpaka chitenje kumasuka. Anabwera mwana wanga wamkulu ndi amuna ake. Anabwera make mapasa, wina kumsana wina pachifuwa. Anabwera anzanga awiri amene tinkathyolera limodzi tiyi, kuseka mpaka misozi poti nawonso akanameta chimodzimodzi. Anabwera amayi a mvano atatu ndi nyimbo zawo, anabwera ashehe ogulitsa nsalu ndi akazi awo, anabwera alamu anga opala matabwa kumunsi kwa phiri la Chambe. Pomalizira anadutsa msewu mng'ono wanga, atanyamula chikho chake chachikulu, akuti thobwa loyamba n'lake.