Ngolo ya a Bestone sigubuduka

A Bestone Shaba a ku Champhira akalamba akuyendetsa ngolo ya ng'ombe. Mukawapatsa katundu sathamangira kukweza, amayamba amunyamula kaye kuti amve kulemera kwake. Cholemera amaika pansi ndi pakati, chopepuka pamwamba, basi. Anthu amawanena kuti ngochedwa, koma ngolo yawo sinagubudukepo.

Chaka china mvula itakumba msewu mbali imodzi, Doris NyaJere anamva kuti nthawi yake yochira yakwana. Apongozi ake aakazi, pofuna kumulemekeza, anakweza mpando wautali m'ngolomo kuti akhalepo popita kuchipatala.

"Amama, ndapota, mpandowo utsike," anatero a Bestone.

"Mpongozi wanga akhale pansi ngati thumba la chimanga?"

"Mbwenu, ngati thumba. Akakhala m'mwamba, pokumbika paja tikagubuduka tonse."

Anayala mphasa, Doris anagona pakati penipeni, apongozi anakhala pansi akung'ung'udza.

Atafika pokumbika paja, Ambuye Yesu! Ngolo inapendekeka, tayala limodzi linanyamuka m'malere. Apongozi ankangoti, "Chiuta, Chiuta!" A Bestone ankangolankhula ndi ng'ombe zawo motsitsa mawu, thukuta lili kamukamu. Tayala lija linaima m'mwamba ngati likuganiza, kenako linabwerera pansi, di!

Mulungu ngwamkulu, inu! Mwana anakabadwira kuchipatala, wamkazi, wamoyo. Pobwerera apongozi anakwera n'kukhala pansi osauzidwa, khanda lili m'manja.

"Yewo chomene, adada," anatero. "Pano ndiye pakati eti, kapena ndisunthe?"