Chibwibwi Changa ndi Kwaya ya ku Biwi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinaleka kuyankhula ndi anthu akunja. Palibe amene anandiletsa, ndinangotopa. Chibwibwi chinandigwira ndili wamng'ono, ndipo chimene chinkandivuta kwambiri chinali dzina langa lomwe. Aphunzitsi akandifunsa, lilime linkakanirira kumano, "Ti-ti-ti," mpaka wina kumbuyo n'kundimalizira, "Ndi Tiyamike, madamu!" Anzanga anandipatsa dzina loti Jenereta. Masiku amenewo magetsi ankangothimathima, ndiye mwana aliyense ankadziwa mmene jenereta imakhosomolera ikamakana kuyaka.

Tinkakhala ku Biwi, m'nyumba ya lendi. Bambo anali atapita ku Joni kukasaka maganyu, mayi ankagulitsa kaunjika kumsika. Mayi ankandikonda, koma chikondi chawo chinali ngati mpanda. Alendo akandipatsa moni, ankayankha ndi iwo. Kugolosale ankatuma mlongo wanga wamng'ono. "Iwe khala m'nyumba, anthu akunja kuno pakamwa," ankatero. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pawindo la pabalaza, lomwe linali ndi zitsulo zotchinga akuba, n'kumagulitsa mafilizi. Ntchitoyi sinkafuna mawu. Mwana ankangoloza wofiira kapena wachikasu, ine n'kumupatsira pakati pa zitsulo. Fumbi la mumsewu, amayi ochokera kumpopi, atsikana osewera fulaye, zonse ndinkazionera pamenepo.

Pafupi nafe panali nyumba yosamalizidwa, yopanda denga, yomwe mwini wake anaisiya makoma okhaokha. Mmenemo ndi mmene kwaya ya m'dera lathu inkaphunzirira nyimbo masana. Sinali ya mpingo uliwonse. Munali amayi ogulitsa tomato, anyamata oyitanira maminibasi, ndi Che Saidi, telala wochokera ku Mangochi, amene besi yawo inkanjenjemeretsa galasi la windo lathu. Ankaimba pa maukwati, pa maliro, ndi pa misonkhano yochenjeza anthu za Edzi. Wowatsogolera anali Mayi Nkhoma, aphunzitsi opuma pantchito, aafupi, oyenda ndi ambulera ngakhale m'chilimwe.

Ndinayamba ndi kung'ung'udza nyimbo zawo ndili pawindo paja. Kenako tsiku lina ndinadabwa kumva mawu athunthu akutuluka m'kamwa mwanga, mzere wonse, osapunthwa paliponse. Ndinayang'ana kumbuyo ngati muli munthu wina m'nyumbamo.

Masana ena otentha ndinali m'kati moimba, nditatseka maso, pamene ambulera inagogoda zitsulo za pawindo.

"Ndani akuimba aluto muno?" anafunsa Mayi Nkhoma.

Ndinayesa kuyankha, koma dzina langa linakanirira kumano.

"Usavutike, mwanawe. Bwereza pamene unalekezera paja."

Ndinabwereza. Madzulo ake anabwera kudzapempha mayi kuti andilole kulowa kwaya. Ine ndinkamvetsera ndili kuseri kwa katani.

"Mwana wanga asakhale choseketsa cha anthu," anatero mayi. "Zimene amakumana nazo kusukulu n'zokwanira."

"Make Tiyamike, kodi munamumvapo akuimba?"

Pamapeto pake mayi anavomera, koma anati ndizibwerako dzuwa lisanalowe, ndipo asadzandiimike kutsogolo.

Kukoma kwa masana amenewo sindingakufotokoze bwino. Tinkaima pa simenti yosasalaza, fungo la thukuta ndi fumbi lili tho, kumwamba kuli mtambo wokha. Mawu anga ankalowa m'mawu a anzanga ngati ulusi m'nsalu, osadziwika kuti wanga ndi uti. Tikalakwitsa, Mayi Nkhoma ankamenya ambulera pansi, tonse n'kufa nako kuseka, ndipo kanali koyamba kuseka pagulu popanda wosekedwayo kukhala ine. Mphatso, mtsikana wamtali amene ankayambitsa nyimbo, ankanditsinzinira diso tikafika pamalo pamene aluto imakwera.

Koma nyimbo ikatha, chitseko chinkatsekekanso. Ndinkaganiza kuti kuimbako kudzandichiritsa. Ayi ndithu. Munthu yemwe uja ndangoimba naye mavesi atatu, ndinkalephera kumuuza kuti ayende bwino. Ndinkathamangira kunyumba, n'kukhala pawindo langa lija, mtima ukuwawa kuposa kale, poti tsopano ndinali nditalawa mmene ena amakhalira tsiku lililonse.

Chaka chotsatira Mphatso anayamba kudwaladwala. Anaonda, mawu anachepa, kenako analeka kubwera. Anamwalira mvula itangoyamba. Kwaya inapita kukaimba pakhomo pawo thupi lisananyamuke kupita kumudzi ku Dowa. Anthu anadzaza bwalo lonse mpaka mumsewu. Amene ankayenera kuyambitsa nyimbo anali mnzake wapamtima wa malemuyo, koma atangoona bokosi likutuluka anagwa pansi n'kuyamba kulira. Amayi ena anamunyamula.

Mayi Nkhoma anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Iwo sanachotse maso.

"Ukuidziwa. Yamba."

Kuimba pagulu ndinali nditazolowera, koma kuyamba ndekha ndinali ndisanayesepo, ndipo chibwibwi chimadikirira munthu poyambira penipeni. Ndinatsegula pakamwa. Liwu loyamba linakodwa. Ndinayesanso, linatuluka lodukaduka ngati la nkhuku yotsamwa. Kamwana kena kanaseka, wina n'kukatsina. Cha kumene amayi ankaphika ndinaona mayi anga ataimirira, chipande chili m'manja, nkhope ili ngati akufuna kudzandikwatula pamenepo. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Che Saidi nyimbo za tchalitchi sankaimba nawo. Pa maliro ankakhala ndi azibambo anzawo pansi pa mtengo. Koma tsiku limenelo, kuchokera pansi pa mtengo paja, panamveka kung'ung'udza kwawo, pansipansi, kopanda mawu. Amayi a aluto anakulandira. Sanandiyambire nyimbo, anangondiyalira poponda. Ndinakoka mpweya, n'kuponda pamenepo, ndipo mawu anatuluka. Ndinamuimbira Mphatso mpaka galimoto yonyamula maliro inakhota pa msewu waukulu.

Pobwerera kunyumba mayi sananene kanthu za nyimboyo. Matope ankamata masilipasi athu. Titafika pa golosale ya pakona anaima.

"Sopo watha kunyumba. Lowa ukagule."

Ndinawayang'ana, poganiza kuti aiwala kuti ali ndi ine.

"Ndili pompano. Ukanene wekha."

Ndinalowa. Liwu loti sopo linanditengera nthawi yaitali moti kumbuyo kwanga kunayamba mzere. Mwini golosale anafuna kundithandiza poloza zinthu pashelefu, koma ndinamva mayi ali pakhomo akuti, "Musiyeni, amaliza." Mawu awo ankanjenjemera kuposa anga. Ndinamaliza.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo chibwibwi chikadalipo. Pa foni ndimavutikabe, pamsonkhano ndimatuluka thukuta dzina langa lisanafike. Loweruka ndimaimba aluto mu kwaya ina ku Area 23, ndipo ndikamabwerako ndimakhala wopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndili mwana ndinkayesa kuti wondikonda ndi amene amandiyankhulira kuti ndisachite manyazi. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti kumuyankhulira munthu n'kosavuta, ndipo nthawi zambiri timachita zimenezo pofuna kudzipulumutsa tokha ku manyazi ake. Chovuta n'kuima pambali pake, mtima ukukupweteka, pakamwa utatseka, mpaka atamaliza yekha.