Mfundo za abambo pa mpanda wa kudimba

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anabwerako kuchibalo. Ndinali mtsikana wa zaka ngati khumi ndi chimodzi, tikukhala kufupi ndi Lifidzi, nyumba ili pamtunda, dimba lili kumunsi m'mphepete mwa kamtsinje. Masipayi, apolisi a atsamunda, anali atawatenga abambo pamodzi ndi amuna ena kukakumba msewu kuchigwa kotentha, ndipo miyezi yonseyo ntchito ya mpanda wa dimba inagwera amayi ndi ine, poti mlongo wanga anali adakali kumsana.

Mpanda wamitengo sutha kumanga. Lero mwazika nsichi kuno, mawa chiswe chadya tsinde la ina uko. Luzi likauma ndi dzuwa limaduka, ndipo mbuzi ikapeza polowetsa mutu, thupi lonse limatsatira. Anthu akakolola ankamasula ziweto, choncho ng'ombe za mudzi wonse zinkatsikira kumtsinje kukamwa, n'kumadutsa zikununkhiza ndiwo zamasamba za kove ndi kachewere wathu. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, chimanga m'nkhokwe chinali cha pansi penipeni. Dimbalo ndilo linali chakudya chathu.

Tinkalawirira kuphiri chisanu chikuluma zala, kukadula mitengo ndi katana. Tinkasenda luzi la mombo n'kuliviika m'madzi kuti lifewe, matsinde a nsichi n'kuwawula pamoto kuti chiswe chichedweko. Mapazi anga anachita ming'alu, khosi linkawawa ndi kusenza. Kusikola ya apadiri ndinkapita mwa apo ndi apo, ndikafikako n'kumangowodzera pabanku. Chimene chinkandilimbitsa chinali chimodzi: abambo akabwera, ndidzapuma.

Anabwera masana ena, wapansi kuchokera kuboma ku Vila kumene galimoto ya kamiyawo inawatsitsa. Sindinawazindikire msanga. Munthu uja ankatsika phiri ndi mtolo wa nsichi paphewa akuimba mluzu, tsopano anali atawonda, akutsokomola, manja opanda mphamvu. Za kumene anachokera sanasimbe, ifenso sitinafunse.

M'mawa mwake anatsikira kudimba, n'kuzungulira mpanda wonse akugwedeza nsichi imodziimodzi. Mbali ya kumtsinje inali itapendama, ndipo mitengo yake tinali titatuta kale, itaunjikidwa pambali.

"Mwayesetsa, Nangozo," anawauza amayi. "Koma tsopano ndabwera. Mbali iyi musaikhudze, ndi ntchito yanga."

Ine mtima unagwa pansi ndi chimwemwe. Koma masiku anapita, mulu wa mitengo uli chikhalire. Abambo ankatsikirako ndithu m'mawa uliwonse, n'kubwerako dzuwa lisanakwere, ali wefuwefu. Tsiku lina ndikuchokera kotunga madzi ndinawaona atakumbatira nsichi, akuyesa kuiimika m'dzenje. Inawapepesula n'kugwera kumbali. Iwo anangokhala pansi pomwepo, mutu uli pakati pa mawondo. Sanandione, ndipo ndinazemba ndi njira ina.

Posakhalitsa ng'ombe za aNkhoma, anansi athu, zinakankha mbali yopendamayo n'kulowa. Pamene tinkathamangira, kove anali atatha, mizere ya kachewere itapondedwapondedwa. ANkhoma anabwera kudzapepesa, koma kupepesa sikulowa mumphika. Abambo anaima n'kuyang'ana. Kenako anakwera kunyumba, kukagona pamphasa atayang'ana kukhoma, ndipo chakudya anakana tsiku limenelo ndi lotsatira.

Ine ndi amayi tinatsala kudimba tikutola masamba otsala. Ndinalephera kupirira.

"Amayi, tiyeni tingomanga tokha ngati kale. Tikamadikira tidya chiyani?"

Anaweramuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno. Nkhope yawo inali ya munthu amene tulo sitikumukwanira.

"Ndikudziwa, Rozina. Tokha titha kumaliza msanga. Koma mpanda ukaima iwo osaukhudza, abambo akowo pamphasa paja sadzadzukaponso." Anapuma kaye. "Ndatopa, mwanawe. Ndatopa zedi. Koma tiye."

Madzulo ake amayi anakhala pakhomo pafupi ndi mphasa ija, akusisita zala zawo.

"AMbewe, zala zangazi zafa ndi chisanu. Ndikamanga luzi likumangomasuka. Ife tizizika mitengo, inu muzitimangira. Mfundo zanu zija ife sitizitha."

Ndinadziwa kuti ndi bodza. Mpanda wonsewo, kuzungulira, unali ndi mfundo za amayi, ndipo panalibe imene inamasukapo. Ndinkaganiza kuti abambo agona. Kenako mawu anamveka kuchokera kukhoma kuja.

"Luzi mwaviika?"

Tinayamba m'mawa mwake. Amayi ankakumba maenje, tonse awiri n'kuimika nsichi ndi kutsendera dothi ndi zidendene. Timitengo topingasa ndinkagwirizira ine, abambo atakhala pamwala akumanga. Mfundo imodzi inkawatengera nthawi yoti amayi akadamanga zingapo, ndipo mikono yanga inkachita dzanzi ndi kudikira. Akatopa tinkaweruka, ngakhale dzuwa likadali kum'mawa. Ntchito ya masiku ochepa inatenga milungu, ndipo poti mpata unali ukadali wotseguka, masana onse ndinkakhala pamenepo ndi ndodo kupirikitsa ng'ombe. Sikola ndinaisiyiratu chaka chimenecho. Kupuma kumene ndinkalota kuja sikunabwere, ntchito inangochuluka.

Koma mawu a abambo anayamba kubwerera. "Yapendama iyo, Rozina, kankhira kuno! Maso ako ali kuti?" Tsiku limene anandikalipira choncho, ndinawaona amayi akutembenukira kumbali, akumwetulira.

Mfundo zina za abambo sizinkagwira, poti manja analibe mphamvu yokokera. M'mawa wina ndinawapeza amayi atatula mtsuko pansi, akumasula mfundo zadzulo n'kumamanganso, motsanzira kamangidwe ka abambo, nsonga ya luzi kuipinda kumanzere monga ankachitira iwo.

"Waona chiyani?" anandifunsa osatembenuka.

"Palibe, amayi."

"Eya. Tenga mtsukowo."

Mpanda unatha. Kachewere amene anapulumuka anali wochepa, ndipo dzinja limenelo tinkadya kamodzi patsiku, amayi n'kumanamizira kuti adya kale kumunda. Abambo mphamvu zawo sizinabwererenso. Chifuwa chija chinawatenga mlongo wanga asanayambe n'kubusa komwe. Koma nthawi imene anakhala nafe anaikhala atadzuka. Ankatsikira kudimba ndi luzi m'khosi kukaona pamene paduka, ndipo mlendo akabwera ankamutengera kumeneko. "Ng'ombe zinatilowera apa," ankatero, "koma ndinamanga." Amayi ankangovomera, "Anamangadi."

Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati amayi anatilanga pachabe, kutisenzetsa ntchito ziwiri m'chaka cha njala chifukwa cha ulemu wa munthu mmodzi. Lero ndakalamba, khasu landikana, maso achita nkhungu. Mpongozi wanga amabwera ndi lichero la nyemba n'kundiikira pamiyendo. "Amayi, tandisankhireniko. Ine ndikasankha ndimasiya miyala." Ndimadziwa kuti ndikapita kukagona amazisankhanso. Sindimufunsa. Ndimakoka licherolo, n'kumuuza kuti andibweretsere mbale yotayiramo zofumbwa, ndipo tsiku limenelo ndimadya ndi mtima wa munthu amene wagwira ntchito.